Hatchi ya Mwana Woyamba Kumene: Malangizo kwa Makolo a ku Arizona

Makolo ena ophunzitsa ana awo pakhomo m'madera a Tucson ndi Phoenix ayamba kuwatumiza kukaphunzira kukwera hatchi. Hatchi yoyenera mwana ndi yofatsa, yaimuna yothena, yopitirira zaka 10. Imalemera makilogalamu pafupifupi 450. Pamafunika chishalo chokwana bwino, zingwe zowongolera, ndi nsapato zotseka za chidendene kuti phazi lisalowerere popondera.

Vuto lomwe tikuliona kawirikawiri ndi nthawi yokwerera. Poti ana awa sadikira belu la sukulu, makolo amawabweretsa dzuwa lili paliwombo, ati n'pamene mabwalo alibe anthu. Chonde lekani. M'chipululu cha Sonora kutentha kumadutsa madigiri 40 Celsius mu June ndi July, ndipo mu 1990 ku Phoenix kunafika pa 50. Hatchi imadziziziritsa ndi thukuta. Tsiku wamba imamwa malita 20 mpaka 40, kukatentha imafuna ochuluka kuposa pamenepo. Mvula za July ndi August zikayamba, chinyezi chimalepheretsa thukuta kuuma, choncho mitambo isakunamizeni. Hatchi yotenthedwa imapuma mwawefuwefu, imazyolika, imapunthwa, ndipo ikapunthwa wogwa ndi mwana wanu. Tsinani khungu la pakhosi pake: likachedwa kubwerera, m'thupi mwachepa madzi. Ikasiya kutuluka thukuta kunja kukutentha, tsitsani mwanayo pompo, ichotseni chishalo, ipititseni pamthunzi, muithire madzi ozizira thupi lonse, muitane dokotala wa ziweto. Mwananso samanena msanga kuti mutu ukumuwawa, poopa kutsitsidwa. Mpatseni madzi asanapemphe.

Kwerani m'bandakucha. Miyezi ya October mpaka April ndiyo yabwino kuyambira.

Chipewa cha akauboyi chimatchinga dzuwa ndithu, ndipo tikudziwa kuti kuno n'chonyadira, koma mutu sichiteteza. Mwana avale helimeti yomanga pachibwano. Podyetsa hatchi, udzu musamauthire pamchenga monga ena achitira, chifukwa hatchi imameza mchengawo n'kudwala m'mimba.

Njira yomwe tikulimbikitsa ndi yoyambira pansi. Mwana ayambe wapesa hatchi, kuichotsa timiyala m'ziboda, ndi kuyenda nayo ataigwira chingwe. Kenaka akwere mphunzitsi ali pakati pa bwalo, atagwira chingwe chachitali, hatchi ikuzungulira pang'onopang'ono. Zimasangalatsa bwanji kuona mwana amene ankanjenjemera atawongoka msana, manja atatambasula, akuseka! Kutchire kuli minga ya chomera cha cholla ndi njoka zaululu, musathamangireko.

Mitengo imasiyana malinga ndi khola ndi mphunzitsi, ndiye funsani malo angapo. Kuphunzira pagulu kumakonda kutsikirako mtengo, ndipo magulu a achinyamata a 4-H ali ndi maphunziro a hatchi. Zogula hatchi yanuyanu zidikire kaye, pakuti udzu, mankhwala ndi wosema ziboda milungu 6 mpaka 8 iliyonse zimafuna thumba lokonzeka.