Amayi anga akuiwala: ndiwapatse chochita chanji?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala kufupi ndi msika wa Milepa ku Chiradzulu. Ndikusunga amayi anga ondibereka, omwe kwa zaka ziwiri tsopano akuiwala koopsa. Amatha kudya nsima n'kumauza anthu kuti sitinawapatse kanthu chiyambire dzulo. Ine amanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Atatsala pang'ono kuyatsa khitchini, tinawaletsa ntchito zonse. Pano amangokhala pamkeka pakhonde, ndipo ndikamapita kumsika ndimawatsekera m'nyumba. Dzuwa likapendeka amamanga kamtolo ka zitenje ati akupita kwawo, chonsecho kwawo n'komweko. Tsiku lina anapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, ndiye anthu ayamba kunong'ona za ufiti. Achimwene ali ku Joni akuti atumiza ndalama kuti tiwapezere nyumba yosungirako okalamba m'tauni. Ndiwapititse? Ngati ayi, ndiwapatse chochita chanji?

Wothedwa nzeru, Milepa

Mwana wanga,

Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda oiwalaiwala, amene achipatala amawatcha dementia. Bungwe la WHO limati anthu opitirira 55 miliyoni padziko lonse ali nawo, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wake wofala ndi umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Mtundu umenewu umayamba ndi kuwononga mbali ya ubongo yosunga zinthu zatsopano. N'chifukwa chake nsima ya masana amaiiwala, koma dzina la mng'ono wawo likadali pakamwa. Zimene munthu anaphunzira ali mtsikana n'kuzichita moyo wake wonse, monga kupeta, kusesa ndi kuimba, zimachedwa kufufutika.

Yambani mwapita nawo kuchipatala cha Milepa mutatenga buku lawo la kuchipatala. Akawayeze BP, shuga ndi magazi, akawaonenso maso ndi makutu, chifukwa munthu wosamva bwino amasokonezeka msanga. Akakutumizani kuchipatala chachikulu cha Chiradzulu, pitani. Mankhwala ochiziratu dementia kulibe, koma pali matenda ena obweretsa kuiwala amene amachizika. Mukadzaona kuti asokonezeka kwambiri mwadzidzidzi, m'tsiku limodzi kapena awiri, thamangirani nawo, pakuti malungo, chibayo ndi matenda a m'chikhodzodzo amachita zimenezo kwa okalamba.

Tsono pa zowaletsa ntchito, munachita poopa ngozi, ndipo sindikukudzudzulani. Koma taganizani: mayi amene wakhala akudzuka tambala woyamba kwa zaka makumi ambiri, lero akuuzidwa kuti angokhala. Tsiku limamutalikira, masana amawodzera, usiku tulo osabwera, ndiye amadzuka kukafuna chochita. Abwezereni ntchito yawo, koma muichepetse kuti ifanane ndi mphamvu zimene zatsala.

Mawa m'mawa akamwa phala, tengani lichero la nyemba mukhale nawo pamkeka. Musawafunse ngati akukumbukira kasankhidwe kake. Ingoyambani kusankha inuyo, kenako munene kuti, "Amayi, tandithandizani, zandichulukira." Muona manja akuyamba okha kutola timiyala ndi zofumbwa. Akasakaniza zabwino ndi zoipa, musawakonze. Mudzasankhanso iwo atagona. Akamaliza athokozeni, ndipo madzulo muwauze kuti ndiwo zimene akudyazo ndi zomwe anasankha iwo. Chimene mukufuna apa n'chakuti amve kuti pakhomopo akadali munthu wofunika.

Ntchito zotere n'zambiri pamudzi: kutong'ola chimanga, kusenda nandolo nyengo yake ikafika, kuswa mtedza, kusadzula nkhwani, kusesa pabwalo, kupinda zovala, kuwaza madeya kwa nkhuku. Apatseni imodzi pa nthawi, mphindi makumi awiri kapena atatu, ndipo akatopa asiye. Moto, mpeni wakuthwa ndi chitsime zikhale zanu. Feteleza, mankhwala othira m'chimanga ndi mapiritsi muzitsekere patali, chifukwa feteleza atha kumuyesa mchere kapena shuga.

Nyimbo nazo zimafika pamene mawu wamba alephera. Pemphani amayi anzawo a kumpingo kapena kumzikiti azibwera kamodzi pa sabata kudzaimba nyimbo zakale zimene ankaimba limodzi. Ngati ndi Alhomwe, ayimbireni za tchopa, muone mapewa ndi mapazi. Adzukulu azikhala nawo pafupi, aziwapempha nthano ndi nkhani za kale: momwe ankalimira, gule amene ankavina, ulendo wawo woyamba wa ku Limbe. Akabwereza nkhani imodzi kasanu, ana amvere kasanu. Koma muletse mchitidwe wowayesa ndi mafunso akuti, "Agogo, ine ndine ndani?" Zimenezo zimangowachititsa manyazi ndi kuwapsetsa mtima. Mlendo azinena yekha dzina lake pofika. Inunso akakuitanani dzina la mng'ono wawo, vomerani basi.

Za kamtolo ka madzulo, odwala ambiri otere amasowa mtendere dzuwa likamalowa. Kwawo kumene akunenako ndi kwa ubwana wawo, kumene amayi awo ankawadikira. Mukawauza kuti anthu a kumeneko anamwalira, amalira ngati uthenga wa maliro wafika lero. Afunseni kuti kwawoko kuli ndani, anyamulireni kamtoloko, muyende nawo pang'ono mukucheza, muzungulire mpaka mutulukirenso pakhomo, n'kuwapatsa tiyi. Ndi bwinonso kuwapatsa ntchito nthawi imeneyo isanakwane ndi kuyatsa nyale mdima usanagwe. Sokererani kansalu kolembedwa nambala yanu ya foni m'zovala zawo. Kuwatsekera okha m'nyumba kulekeni: amachita mantha, ndipo moto utabuka sangatuluke.

Manong'onong'o a ufitiwo musawatenge mopepuka. Mu January 2016, okalamba anayi anaphedwa ku Neno atanamiziridwa ufiti mtsikana wina atafa ndi mphezi. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Pitani kwa amfumu pamodzi ndi mwinimbumba, muonetse buku la kuchipatala, kuti mudzi udziwe kuti amayiwa akudwala ndipo owapeza panjira aziwaperekeza kunyumba. Wina akaopseza, kaneneni kupolisi tsiku lomwelo.

Nyumba zosungirako okalamba m'Malawi muno n'zochepa kwambiri, ndipo munthu woiwala akachotsedwa pamalo pamene anazolowera amasokonezeka koposa. Zitadzafika poti simungathenso, mudzakaone kaye malowo ndi maso anu, mufunse kuti okalambawo amachita chiyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukadzapeza angondanda pampando akuyang'ana khoma, ndiye kuti ndi pakhonde panu pomwe paja, kusiyana kwake n'kolipira. Pakali pano ndalama za achimwenezo zilipire munthu amene amayi amamudziwa woti azikhala nawo masiku a msika, zigule nyale ya sola, sopo ndi matiresi.

Mutu umodzi susenza denga. Itanani abale mugawane masiku, inunso muzipeza tsiku lopuma, chifukwa mukadwala inu, amayi atsala opanda wowasamala. Mukayesa zimenezi kwa mwezi, mundilemberenso.

Azakhali