Makalata a Omvera: Kufooka kwa Kapamba

Kapamba, chiwalo chimene mayi ena a ku Chimbiya afunsa m'kalata yawo, amakhala kumanzere kwa mimba, kuseri kwa nthiti zam'munsi. Ntchito yake ndi kusefa magazi. Amachotsa maselo ofiira okalamba ndi kugwira tizilombo, makamaka toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi.

Matenda ena a m'mimba amamufooketsa mwakachetechete. Odziwika kwambiri ndi a coeliac, amene amawononga matumbo munthu akamadya za tirigu monga buledi ndi mandasi. Palinso zilonda zosatherapo za m'matumbo aakulu, komanso chiwindi choonongeka ndi mowa. Choopsa n'chakuti kapamba wofooka sapweteka. Kuchipatala amamuzindikira poyang'ana magazi pa maikulosikopu, pamene timadontho totchedwa Howell-Jolly timaoneka mkati mwa maselo ofiira.

Munthu wa kapamba wofooka chibayo kapena malungo zimamukulira msangamsanga. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi mu 2011, choncho akuluakulu ambiri sanalandire, ndipo ndi bwino kufunsa adokotala za katemerayu. Wodwala azigona m'neti ngakhale ku Chimbiya kumazizira. Thupi likangotentha asadikire kuti kuche, athamangire kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha Dedza.