PAMPU YA PETULO IKAYAMBA KUDONTHA

Mwezi wa April ukafika misika ya fodya ya ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu imayamba kutsegulidwa umodzi-umodzi, ndipo galimoto zakale zimene zinagona pansi pa mtengo dzinja lonse zimadzutsidwa kuti zisenze mabelo ndi matumba a chimanga. Tikunena ma Land Rover akale, ma Peugeot 404, ndi tima Nissan 1400 timene tinali kupangidwa ku South Africa kufikira chaka cha 2008. Galimoto zotere zikakhalitsa osayenda, bvuto limodzi lopezeka kawiri-kawiri ndi kudontha kwa pampu ya petulo. Nkhaniyi ikhudzanso inu amene mulibe galimoto koma mumalipira ya mnzanu, pakuti mabelo amene akwera m'menemo ndi anu.

Tiyambe taona m'mene pampu igwirira nchito. Iri pa mbali pa injini, yomangidwa ndi manati awiri. M'kati mwache muli kamphira kopyapyala kotambasuka ngati chikopa cha ng'oma, kamene amakanika amati dayafulamu. Kadzanja kachitsulo kotuluka m'pampu kamalowa m'injini ndi kutsamira pa mtanda wozungulira umene amati kamshafuti. Mtandawo ukazungulira kadzanja kakokera kamphira pansi, ndipo petulo ayamwidwa kuchokera ku thanki. Kenaka sipuling'i ikankhira kamphira m'mwamba, petulo nkupita ku kabuleta. Timavalavu tiwiri tiletsa petulo kubwerera m'mbuyo. Chofunika kuchigwira bwino ndi ichi: pamwamba pa kamphirako pali petulo, pansi pache pali khomo lolowera kumene kukhala oyilo wa injini. Chowalekanitsa ndi kamphirako basi.

Tsono mukamva fungo la petulo, tsegulani boneti, pukutani pampu yonse ndi nsanza youma, lizani injini pang'ono, ndi kuyang'ana pamene payambe kunyowa. Ngati ndi polumikizira paipi, mangani nati pang'ono ndi sipanala yoyenera, ndipo musalimbitse ndi ukali, chifukwa chitsulo cha pampu nchofewa ndipo mazinga ache salimba. Paipi ya mphira yong'aluka ichotsedwe, nimuikepo paipi yopangidwira petulo. Ya madzi siikhalitsa ai. Ngati ndi pa chibvindikiro, kapena pa kambale ka galasi ka ma Land Rover, gasiketi yauma. Gasiketi imeneyi ikatha, nthawi zina petulo satuluka nkomwe koma mpweya ndiwo ulowa, ndipo galimoto ifooka pa chitunda ngati thanki yauma. Mankhwala ache ndi gasiketi yatsopano ndi kutsuka kasefa kali pamenepo. Zimenezi nzazing'ono.

Chachikulu ndi kung'ambika kwa kamphira. Pa mimba ya pampu zambiri, cha pansi, pali kabowo kamene anakasiya dala kuti petulo wodutsa pa kamphira kong'ambika atulukirepo. Dontho la pa kabowoko ndi chenjezo. Taona ena akutseka kabowoko ndi sopo kapena kamtengo nati akonza. Atseka pakamwa pa mlonda, pakuti petulo uja, posowa potulukira, atsikira yense m'oyilo. Ngakhale kabowoko kali kotseguka, petulo wina amatha kulowabe m'injini osaoneka ndi maso.

Oyilo wabwino amaika kafuta kopyapyala pakati pa zitsulo zozungulira kuti zisakhudzane. Petulo akasanganikirana naye amsungunula nakhala ngati madzi, kafuta kaja nkutha, ndipo mabeling'i ndi maling'i a injini ayamba kudyana. Injini imalira bwino-bwino masiku oyamba, mwini wache osadziwa kanthu, kufikira tsiku limene iyamba kugogoda iri ndi katundu pa msana. Pamenepo nkhani ya pampu yatha, yatsala ya kupasula injini yonse, ndipo ndalama zache zikhoza kumeza phindu la munda wa chaka chathunthu.

Chotero solani kachitsulo koyesera oyilo m'mawa injini isanalire. Injini yakale imadya oyilo, siimbereka. Mukapeza oyilo atakwera kupitirira chizindikiro inu musanathiremo, kapena ali wamadzi-madzi pakati pa zala ndi kununkha petulo, galimotoyo isachoke pa khomo, ngakhale tsiku logulitsa fodya wanu litakhala mawa.

Timphira timeneti timatha ndi ukalamba, komanso pali chifukwa china cha kuno kwathu. Kuyambira chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsala za nzimbe, petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Mphira wa mtundu wakale sagwirizana naye: amafewa, amatupa, ndipo galimoto ikaima miyezi yambiri amauma ndi kusweka. Pogula kamphira katsopano funsani kopirira ethanol, ndipo musakondwere ndi kamene kanagona m'sitolo zaka makumi awiri chifukwa choti nkotsika mtengo.

Pampu zina nzomatiratu ku fakitale ndipo sizitseguka; zimenezo zingosinthidwa yonse. Koma yomangidwa ndi tizitsulo ta mazinga mozungulira, munthu wodekha angathe kuikonza yekha. Chotsani waya wa batire choyamba, masulani mapaipi, ndi kutseka ya ku thanki. Musanagawe pampu pakati, lembani mzere ndi tupa pa mbali zonse ziwiri kuti pobweza zikumane monga zinaliri. Ikani kamphira katsopano ndi timavalavu tatsopano, kuyang'anitsitsa kumene kali konse kanapenya, chifukwa kolowetsa ndi kotulutsa tifanana maonekedwe koma tikhala motembenuzana. Pomanga, kankhani kadzanja kuti kamphira kakhale kogona bwino osakwinyika, ndipo mangani tizitsulo modumphitsa, ili kenaka la patsidya pache, pang'ono-pang'ono. Pobwezera pa injini ikani gasiketi yatsopano, nimuonetsetse kuti kadzanja katsamira pa malo pache pa mtanda uja, pakuti mukakakamiza molakwika kathyoka. Malangizo awa ndi a galimoto za kabuleta zokha. Zamakono ziri ndi pampu ya magetsi m'kati mwa thanki yokankha petulo ndi mphamvu yaikulu, ndipo zimenezo zipite kwa amakanika.

Nchito yonseyi ichitike pa bwalo, masana, injini itazizira. Nthunzi ya petulo njolemera koposa mpweya, ndipo imakwawa pansi kufikira ipeze moto. Galimoto yodontha isaime pafupi ndi balani imene mukufukiza fodya, ngakhale chigafa, nkhokwe kapena khitchini. Koloboyi ndi ndudu zikhale kutali, ndipo pafupi pakhale chidebe cha mchenga, chifukwa madzi amangomwaza moto wa petulo. Mwambo uja womangirira chigubu cha petulo pamwamba pa galimoto ndi kutsitsa kapaipi ku kabuleta tiukana ndithu. Wapsereza galimoto pamodzi ndi katundu. Kumbukiraninso kuti fodya amayamwa fungo msanga, ndipo belo lonunkha petulo ogula amalikana pa msika. Nsanza zopukutira ndi zigubu zisakwere pamodzi ndi mabelo.

Mukatha kukonza pampu imene kamphira kache kanang'ambika, khuthulani oyilo yense, sinthani fyuluta, ndi kuthira oyilo watsopano musanalize injini. Wakaleyo musamthire m'munda kapena pafupi ndi chitsime. Pa sabata yoyamba yesani oyilo m'mawa uli wonse, ndi kupisa chala pansi pa pampu kuona ngati kabowo kaja nkouma.