Vidiyo ya nyimbo pa foni: samalani milomo

Anzanga, ambiri mumandifunsa mmene ndimajambulira oimba a m'mudzi mwathu chonsecho kamera ndilibe. Foni imakwana, bola mutsate izi.

Choyamba, igwireni chopingasa, muitchere pa 1080p. Vidiyo yoimirira ndi ya TikTok. Pa TV imasiya mdima uku ndi uku.

Chachiwiri, nyimbo izilira pa sipika, woimba aziimba nayo mokweza. Jambulani nyimbo yonse katatu: patali, chapakati, ndi pafupi ndi nkhope.

Chachitatu, dzuwa la masana limadetsa m'maso. Ine ndimajambula m'mawa kapena cha m'ma 4 koloko. Nkhungu ya mu June paphiri la Dedza imakongoletsa vidiyo mwaulere. Mukasankha ku Chongoni, komwe UNESCO idakuzindikira mu 2006, yambani mwapempha chilolezo ndipo musakhudze zojambula zapamiyala.

Pokonza mu CapCut, yambani ndi nyimbo ya ku situdiyo. Fananizani vidiyo ndi kugunda koyamba kwa ng'oma, kenako zimitsani phokoso lomwe foni idatola.

Milomo ikangotsalira pang'ono, anthu amaseka woimba, osati inu. Mnzathuyo adagulitsa kachewere kuti alipire ku situdiyo. Tisamuchititse manyazi.