Phunziro 6: Kukulitsa chiyankhulo chimene mwana ali nacho kale

Mawu oyamba

Aphunzitsi anzanga, nthawi zambiri tikamakamba za kuphunzitsa chiyankhulo timaganiza za mwana amene sachidziwa n'komwe. M'phunziro lino tiona mwana wa mtundu wina: amene chiyankhulocho anayamwira kwa makolo, amachimva bwinobwino, koma chikumupulumuka pang'onopang'ono. Chitsanzo chathu tachitenga ku Canada, kumene achinyamata oyankhula Chifalansa amasonkhanitsidwa pa tchuthi kuti akakulitse Chifalansa chawo chomwe.

Zolinga

Pomaliza phunziroli mudzatha:

- kufotokoza chifukwa chake mwana wobadwira m'Chifalansa amafunanso thandizo pa Chifalansacho;
- kusiyanitsa kuphunzitsa chiyankhulo chatsopano ndi kukulitsa chiyankhulo cha kwawo kwa mwana;
- kukonza ndondomeko ya masiku 5 yokulitsira chiyankhulo pa sukulu panu.

Phunziroli likutengerani pafupifupi maola 2. Khalani ndi kope ndi cholembera pafupi.

6.1 Kodi vutoli linayamba bwanji?

Dziko la Canada lili ndi ziyankhulo ziwiri za boma, Chingerezi ndi Chifalansa, malinga ndi lamulo la 1969. Oyankhula Chifalansa ambiri ali m'chigawo cha Quebec, ndipo kumeneko ndiwo ochuluka. Koma alipo ena pafupifupi 1 miliyoni amene amwazikana m'zigawo zina. Kalembera wa 2021 anaonetsa kuti kunja kwa Quebec, pa anthu 100 alionse, atatu okha basi ndiwo ali mbali ya Chifalansa. Ku New Brunswick alipo ochulukirapo, pafupifupi atatu pa anthu 10 alionse, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Acadian, amene makolo awo anathamangitsidwa m'midzi yawo ndi ulamuliro wa Britain kuyambira mu 1755.

Kwa zaka zambiri sukulu ndiyo inali patsogolo kufooketsa Chifalansa m'zigawo zimenezi. Mu 1912 chigawo cha Ontario chinakhazikitsa lamulo lotchedwa Regulation 17, loti Chifalansa chizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa m'zaka ziwiri zoyambirira zokha za pulayimale. Lamuloli linasiya kutsatidwa mu 1927. Nako ku Manitoba, mu 1916, boma linathetsa maphunziro a m'ziyankhulo ziwiri.

Zinthu zinasintha mu 1982, pamene ndime 23 ya chikalata cha ufulu wa anthu m'malamulo aakulu a dzikolo inapatsa makolo a chiyankhulo cha anthu ochepa ufulu wophunzitsa ana awo m'chiyankhulocho, ngati anawo alipo okwanira. Mu 1990 khoti lalikulu la Canada, pa mlandu wa Mahé umene unachokera ku Alberta, linagamulanso kuti makolowo ali ndi ufulu woyendetsa nawo sukulu zimenezo. Choncho lero sukulu za Chifalansa zilipo m'zigawo zonse.

*Ntchito 1 (mphindi 10).* Ngati sukulu za Chifalansa zilipo, n'chifukwa chiyani mukuganiza kuti achinyamata amafunabe maphunziro apadera pa tchuthi? Lembani zifukwa ziwiri musanapitirire kuwerenga.

6.2 Zimene sukulu payokha singathe

Taganizirani mtsikana wa zaka 14 wa m'tauni ina ku Saskatchewan. M'kalasi amaphunzira masamu, mbiri ndi sayansi m'Chifalansa. Belu likangolira, iye ndi anzake amatembenukira ku Chingerezi. Kusitolo ndi Chingerezi, ku mpira ndi Chingerezi, nyimbo ndi mauthenga a pa foni nazonso ndi Chingerezi. Kunyumba mwina mayi ndi a Chifalansa koma bambo ndi a Chingerezi, monga zilili m'mabanja ambiri kumeneko, ndiye banja lonse likakhala pamodzi limayankhula chimene aliyense akumva.

Kwa mtsikanayu Chifalansa chasanduka chiyankhulo cha aphunzitsi, mayeso ndi agogo. Zotsatira zake zimakhala zitatu.

Choyamba, mawu amachepa. Amadziwa mawu a m'buku, koma sadziwa kuchita nthabwala, kukangana kapena kupepesa mnzake m'Chifalansa.

Chachiwiri, amayamba kudzikayikira. Akakumana ndi munthu wa ku Quebec kapena ku France amaopa kutsegula pakamwa, poganiza kuti Chifalansa chake ndi chophotchoka. Kumwera chakum'mawa kwa New Brunswick kuli kayankhulidwe kotchedwa chiac, kosakaniza Chifalansa chakale cha Acadian ndi mawu a Chingerezi. Achinyamata ambiri oyankhula motero anakula akumva kuti sayankhula bwino. Munthu akamadzudzulidwa nthawi zonse akayankhula, mapeto ake amangokhala chete, kapena amasamukira ku chiyankhulo china.

Chachitatu, akadzakula mwina sadzachipereka kwa ana ake. Apa ndiye pagona nkhani. Chiyankhulo sichitha tsiku limodzi ayi. Chimatha pamene achinyamata asiya kuchiyankhula okhaokha.

6.3 Maphunziro a pa tchuthi

Tchuthi chachikulu ku Canada chimagwa mu Julaye ndi Ogasiti. Imeneyi ndi nyengo yawo yotentha, pomwe kuno kwathu timakhala tikuothera moto. Mu 1971 boma la dzikolo linayamba kulipirira ophunzira kuti pa tchuthi chimenechi akaphunzire chiyankhulo chachiwiri cha boma, ndipo pulogalamuyo inadzatchedwa Explore. Pambuyo pake kunakhazikitsidwa ina yapadera, ya achinyamata amene Chifalansa ndi chiyankhulo chawo choyamba koma amakhala kunja kwa Quebec. Imeneyi inadzatchedwa Destination Clic. Ndalama zake ndi za boma lalikulu, ndipo woyendetsa ndi bungwe la nduna za maphunziro za zigawo zonse, lodziwika kuti CMEC.

Kakonzedwe kake n'kotere. Achinyamata a Giredi 8 ndi 9, a zaka pafupifupi 14 ndi 15, amachoka kwawo kwa milungu itatu n'kukakhala pa koleji kapena yunivesite ya m'dera limene Chifalansa chimamveka mumsewu. Mwa malo amene alandirapo achinyamatawa muli Université de Moncton, yomwe inakhazikitsidwa mu 1963 ku New Brunswick. Boma limalipira maphunziro, chakudya ndi malo ogona. Nthawi ina amakhala m'kalasi, nthawi ina amachita zisudzo, nyimbo, masewera ndi maulendo okaona malo. Zonsezi zimachitika m'Chifalansa, kuyambira pa chakudya cha m'mawa mpaka pokagona.

Taonani kusiyana kwake. Wophunzira wa ku Explore amapita kukatenga chimene alibe. Wa ku Destination Clic amapita ndi katundu wake kale, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kumuthandiza kumasula mtolowo, kuona zimene zilimo, ndi kuwonjezerapo. Chachikulu chimene amapezako si galamala. Amapeza anzake a msinkhu wake ochokera ku Yukon, ku Manitoba kapena ku Nova Scotia, aliyense ndi katchulidwe kake, ndipo amazindikira kuti sali yekha.

6.4 Mfundo zinayi zoti mphunzitsi atolepo

*1. Yambirani pa zimene wophunzira akudziwa.* Ife amene tinaphunzitsidwa ntchito ya sukulu za kwacha timaidziwa bwino mfundoyi. Paulo Freire wa ku Brazil ankayamba phunziro ndi mawu otengedwa m'moyo wa ophunzira eni ake. Mayi wobwera kudzaphunzira kuwerenga sabwera chimanjamanja: amadziwa kuwerengera ndalama pa msika, amadziwa miyambi ndi nthano. Mnyamata woyankhula chiac nayenso sabwera chimanjamanja.

*2. Wonjezerani, musachotse.* Wallace Lambert wa ku yunivesite ya McGill anasiyanitsa njira ziwiri zodziwira ziyankhulo ziwiri. Mu njira yoyamba chiyankhulo chatsopano chimawonjezeka pa chakale. Mu yachiwiri chatsopanocho chimalowa m'malo mwa chakale. Achinyamata a Chifalansa a kunja kwa Quebec Chingerezi amachidziwa kale, ndipo palibe akuwauza kuti achisiye. Cholinga n'chakuti akhale nazo zonse ziwiri.

*3. Chiyankhulo chili ndi mbali ziwiri.* Jim Cummins anaonetsa kuti kucheza ndi kwina, ndipo kuwerenga, kulemba ndi kufotokoza mfundo za kusukulu ndi kwinanso. Mwana wina amacheza mosadodoma koma kulemba kalata kumamuvuta. Wina, monga mtsikana wa ku Saskatchewan uja, amalemba bwino koma kucheza kumamukanika. Muyambe mwafufuza mbali imene yafooka.

*4. Konzani zolakwa pa nthawi yake.* Mwana akamafotokoza nkhani, musamudule pakamwa. Musungireni zolakwazo mpaka pa nthawi yokonza zolemba, ndipo mumuuze kuti, "Umu ndi mmene timayankhulira kwanu, ndipo palibe cholakwika. Umu ndi mmene timalembera m'kalata ya ku ofesi."

6.5 Chenjezo

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Choyamba, milungu itatu ndi yochepa. Wachinyamata akabwerera kwawo amakapeza msewu, sitolo ndi foni zili momwe anazisiyira. Ngati sukulu ndi makolo sapitiriza, moto umene wayatsidwawo umazima.

Chachiwiri, lamulo loti aliyense aziyankhula chiyankhulo chimodzi chokha likhoza kusanduka chikwapu. Ambiri a ife tikukumbukira sukulu zimene mwana wopezeka akuyankhula chiyankhulo cha kwawo ankavekedwa chikwangwani m'khosi kapena kupatsidwa chibalo. Tikatembenuza lamulo lomwelo n'kumalanga mwana chifukwa walowetsa mawu a Chingerezi, ndiye kuti palibe chimene tasintha. Lamuloli likhale pangano limene ophunzira agwirizana okha, ndipo woiwala azikumbutsidwa moseka.

6.6 Nanga kwathu kuno?

Mwina mukuti, "Izi n'za ku mayiko a ndalama, ife tilibe yunivesite yogonekako ana." N'zoona. Koma ana a mtundu umenewu ali m'makalasi athu. Ku Malawi, ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka m'boma la Dowa, yomwe inatsegulidwa mu 1994, kuli achinyamata ochokera ku Democratic Republic of Congo ndi Burundi amene anaphunzirapo m'Chifalansa kusukulu. Ku Zimbabwe, malamulo aakulu a 2013 anavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa chili m'gululi, komabe zidzukulu zambiri za anthu amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu zimangochimva osachiyankhula. M'matauni mwathu mulinso ana amene Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena amangochimvera kwa agogo.

Chimene tingatengere ku Canada si ndege kapena nyumba zogonamo. Ndi zinthu zitatu zosalira ndalama zambiri: anzake a msinkhu umodzi, ntchito yeniyeni yochitira limodzi, ndi anthu oti adzaone ntchitoyo ikatha.

*Ntchito 2 (mphindi 40).* Sankhani chiyankhulo chimodzi chimene ophunzira anu ena ali nacho koma akuchisiya. Konzani ndondomeko ya masiku 5 a pa tchuthi, maola 3 pa tsiku. Mungatsate chitsanzo ichi kapena kuchisintha:

- Tsiku 1: Wophunzira aliyense ajambule mapu a tsiku lake, aonetse malo ndi anthu amene amayankhula nawo chiyankhulo chilichonse. Kambiranani pamene chiyankhulo cha kwawo chasowa.
- Tsiku 2: Awiriawiri akacheze ndi munthu wachikulire za ntchito imene amaidziwa, monga usodzi, kuumba kapena kusoka, ndipo alembe mawu 20 atsopano.
- Tsiku 3: Alembe sewero lalifupi kapena nkhani za pa wailesi pogwiritsa ntchito mawuwo.
- Tsiku 4: Akonzerane zolembazo m'magulu, inu mukuthandiza pa kalembedwe.
- Tsiku 5: Aonetse ntchito yawo kwa makolo, komiti ya sukulu ndi amfumu.

Pansi pa ndondomeko yanu lembani chinthu chimodzi chimene mudzachite mlungu uliwonse sukulu ikatsegulidwa kuti ntchitoyi isafere panjira. Kambiranani ndondomekoyi ndi mphunzitsi mnzanu musanaitumize kwa mlangizi wanu.

Mwachidule

Taona kuti ku Canada lamulo linabwezera Chifalansa m'sukulu, koma silikanatha kuchibwezera pa bwalo la masewera. Maphunziro a pa tchuthi amayesa kutseka mpata umenewu popatsa achinyamata anzawo ndi zochita m'chiyankhulo chawo. Taonanso kuti mphunzitsi wokulitsa chiyankhulo amayambira pa zimene mwana ali nazo, amawonjezera osachotsa, ndipo salanga.

Mafunso odziyesa

1. Kodi ndime 23 ya 1982 inapereka ufulu wotani kwa makolo?
2. Fotokozani kusiyana kwa Explore ndi Destination Clic.
3. Wophunzira wanu amalemba bwino chiyankhulo cha kwawo koma amakana kuchiyankhula pagulu. Mungamuthandize bwanji?

Zokuthandizani poyankha

Pa Ntchito 1 ndi funso 1, bwererani ku 6.1 ndi 6.2. Pa funso 2, ganizirani zimene wophunzira amabwera nazo tsiku loyamba. Pa funso 3, yankho labwino liyambe ndi kufufuza amene anamuseka kapena kumudzudzula, kenaka limupatse mpata woyankhula m'kagulu ka anthu awiri kapena atatu asanaimirire pamaso pa kalasi yonse.