Mwana aphunzire kuganiza, osangoloweza

Mwana wa Sitandade 7 akhoza kulakatula tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka osaphonya liwu. Koma atafunsidwa chifukwa chake matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu 2023, mwina angoti kukamwa yasa. Mawu analoweza, koma sanaphunzire kuganiza nawo.

M'chaka cha 1956, Benjamin Bloom wa pa yunivesite ya Chicago ndi anzake anasanja zolinga za maphunziro m'makwerero asanu ndi limodzi. Mu 2001, Lorin Anderson ndi David Krathwohl anawakonzanso motere: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuweruza ndi kupanga chatsopano. Atatu omalizawa ndiwo kuganiza mozama.

Silabasi yabwino imayamba ndi funso lakuti: pamapeto pake mwanayu adzatha kuchita chiyani? Pa phunziro la nthaka lija, mwana ayambe wadziwa tanthauzo. Kenaka ayerekeze malo otsetsereka awiri, ena a mitengo, ena ogwetsedwa mitengo, nafotokoze kusiyana kwake. Aweruze ngati nkoyenera kumanga m'mbali mwa phiri, poganiziranso banja losowa malo ena. Pomaliza, iye ndi anzake akonze njira yotetezera bwalo la sukulu yawo ku madzi othamanga.

M'Malawi muno masilabasi amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, pamene mayeso amakonzedwa ndi MANEB. Ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi, pakuti mayeso akamangofunsa zoloweza, mphunzitsi nayenso amangoloweretsa ana. Vuto lina ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi, makamaka chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994. Komabe funso labwino silifuna ndalama.

Ambuye Yesu anaphunzitsa motero. Pa Luka 10:25-37, katswiri wa Malamulo atawayesa, iwo anayamba amufunsa zimene zinalembedwa, ndipo anayankha bwino zimene ankazidziwa pamtima. Sanamusiyire pomwepo. Anamuphera fanizo la Msamariya wachifundo, namufunsa kuti aweruze yekha amene anali mnansi mwa anthu atatu aja. Atayankha, anamutuma kuti akachite chimodzimodzi.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chake cha Gravissimum Educationis cha 1965, unaphunzitsa kuti sukulu ikulitse luso la mwana loweruza moyenera, ndiponso kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo.

Choncho ntchitoyi si ya aphunzitsi okha. Mwana akabwera kusukulu, kholo lisangofunsa malikisi. Limufunse kuti, "Wadziwa bwanji kuti zimenezi nzoona?" kapena "Ukanakhala iwe ukanatani?" Aphunzitsi a Tilitonse, ana akayankha katekisimu, awafunsenso mmene yankholo lingagwirire ntchito pamsika kapena pamasewera. Ndipo mwana wofunsa mwaulemu asadzudzulidwe ngati wamwano. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ana a m'tauni amakumana tsiku ndi tsiku ndi mabodza a pa WhatsApp, obera anthu pa foni ndi aneneri olonjeza chuma cha lero lomwe. Kholo silingakhale nawo paliponse. Chimene chingawateteze ndi chizolowezi choyamba afunsa asanakhulupirire.

Zokambirana ku mphakati sabata ino: ndi funso liti limene kholo lililonse lingafunse mwana wake pa chakudya chamadzulo, loti silingayankhidwe ndi "inde" kapena "ayi"?