Nyumba ya pa Groot Constantia

Pafupi ndi mzinda wa Cape Town, ku South Africa, pali munda wa mphesa wotchedwa Groot Constantia. Bwanamkubwa wa Adatchi, Simon van der Stel, adatenga malowa mu 1685.

M'mundamo muli nyumba yakale. Makoma ake ndi ochindikala, opaka njereza, choncho m'kati mumazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Denga ndi lofolera ndi udzu, monga nyumba zathu. Pamwamba pa khomo pali khoma lalitali lokongoletsedwa, loti mlendo aone chuma cha mwini akadali patali. Nyumbayi idapsa mu 1925, koma adaimanganso. Lero lamulo limaiteteza.

Mabuku amatchula eni nyumba. Nanga amene ankasenza njerwa ndi kuthyola mphesa anali yani? Anali akapolo. Akapolo a ku Cape ankachokera ku India, Indonesia, Madagascar ndi kwathu kuno ku Mozambique. Ena adalandidwa ngakhale maina awo, n'kumatchedwa maina a miyezi, monga April kapena September. Ukapolo udathetsedwa kumeneko mu 1834.

Tikambirane: M'dera lathu muli nyumba yakale yotani? Adaimanga ndani?